Anachisale Sanaiwale Jekete

Lamulungu lapitali tinasonkhana ku Bradford kukumbukira kuti patha chaka chimwalirireni Anachisale. Mapemphero atatha, anthu ali pakati pa kudya, a Tembo, mkulu wa mpingo wathu, mwana wa ku Chipata, anayamba kankhani kaja. Akuti tsiku lina mayi wathu, katswiri woyenda m'mapiri, amene ankatilalikira za kalongedzedwe ka chikwama mpaka makutu kuwawa, anakwera phiri ataiwala jekete ya mvula, n'kutsitsidwa pa njinga ya mlimi ngati thumba la chimanga. Anthu anafa ndi phwete. Sindikuwaweruza, pa zikumbutso zoterezi anthu amafuna kankhani kopumirapo. Koma ine ndinaima pakhomo la khitchini mbale zili m'manja, manyazi atandigwira mpaka kumapazi. Nditaponya maso kwa Chikondi, mwana wawo mmodzi yekhayo, ndinamupeza atazolika, akuyang'ana kapeti.

Nkhani imeneyo ndi yabodza. Pa ulendowo tinali atatu, mayiwo, Chikondi ndi ine, ndipo jeketeyo sanaiiwale.

Anachisale anali nesi, mmodzi mwa oyamba kufika kuno tisanachuluke. Ambiri a ife amene tinabwera pambuyo kudzasamalira okalamba tinayamba tagona m'kachipinda kawo kapamwamba, inenso ndinagonamo. Musaganize kuti anali mayi wansangala. Ayi ndithu. Anali wamfupi, wojintcha, wa pakamwa polasa. Ukachedwa kudzuka ankakutsegulira zenera pakati pa nyengo yozizira. Ukadandaula za shifiti ankakufunsa ngati unakwera ndege kudzamwetsedwa phala. Koma ukadwala ankakhala pambali pako mpaka uchire, kwinaku akukukalipira kuti wadwaliranji. Ngakhale ulendo wawo womaliza wa kuchipatala, kachikwama kamene ndinawalongedzera anakakhuthulira pabedi, mpweya ukuwavuta, n'kundifunsa kuti masilipasi atatu ndi a miyendo ya ndani.

Za mapiri anaziyamba bambo a Chikondi atamwalira. Nesi mnzawo wachizungu anawakoka tsiku lina kupita ku phiri la pamwamba pa Ilkley kuti akapitidwe mphepo. Anabwerako ali matope okhaokha, ndipo kuyambira pamenepo sanagwirikenso. Tsiku lililonse lopuma, kaya mvula kaya dzuwa, ankakwera sitima ndi majombo awo, thalauza mkati, chitenje pamwamba.

Ife zinkatichititsa manyazi, ndinene zoona. Kwathu woyenda pansi mtunda wautali ndi amene zamuvuta. Tsono munthu wawoloka nyanja, wagwira ntchito yolemekezeka, mwana wake ali ndi galimoto ku Liverpool, n'kumakazunzika dala m'ndowe za nkhosa? Azimayi a mumpingo akawaona pa siteshoni atabereka chichikwama ankawolokera mbali ina ya msewu. A Tembo anakangana nawo kangapo chifukwa cha mapemphero amene ankajomba dzuwa likawala. Iwo ankayankha kuti ku Dedza anakwera phiri ubwana wonse koma sanalionepo, poti munthu wosenza mtolo wa nkhuni satembenuza khosi. Ankati tsopano akufuna kuona zimene nkhuni zinawabisira, ndipo amene sakufuna akhale, sanamuitane.

Atapuma ntchito, shuga atawapeza, mawondo atayamba kulira pa masitepe, anatulukira ndi maganizo aakulu: ulendo wa masiku angapo, kuchoka ku Ilkley kutsata mtsinje mpaka kumapiri a kumpoto, kugona m'tenti. Anzawo achizungu a gulu loyenda anali atauyenda kale. Iwo ankafuna kuuyenda ndi anthu awo, ndipo ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti chikwama chawo achibereke okha kuyambira poyambira mpaka pothera, mawondo asanawakane. Anaitana mpingo wonse. Tinavomera ambiri ndi pakamwa, koma nthawi itayandikira aliyense anapezeka ali ndi shifiti. Ndinatsala ine, chifukwa ndinkawaopa, ndi Chikondi, chifukwa ankaopera amayi ake.

Anakonzekera nyengo yonse yozizira. Mapu anawayala patebulo moti mlendo ankadyera pamiyendo. Ankadziwa pamene pali mpopi wa madzi, pamene pali kasitolo, pamene pamadutsa basi ngati munthu walephera. Ankadzaza chikwama ndi mapaketi a mpunga n'kumazungulira nacho paki ya pafupi, ana a sukulu akuwatembenukira. Majombo anga atsopano anandiuza kuti ndiziwavala popita kukagula ndiwo ndi kutchalitchi komwe, chifukwa nsapato yachilendo imaluma mwini wake. Ndinavaladi, pansi pa diresi yanga yabwino, atsikana a kwaya akugwira pakamwa.

Ulendo utayandikira anandiuza kuti ndibwere ndi chikwama changa nditalongedza. Anachinyamula ndi dzanja limodzi, anachigwedeza, n'kuchikhuthulira pansi pabalaza.

"Tadala, ukusamuka?"

"Ayi mayi, ndi zofunika zokhazokha."

"Ichi n'chiyani?"

"Mafuta odzola."

"Chibotolo chonsechi? Ukukadzoza nkhosa? Nanga diresi iyi?"

"Mwina tikapeza tchalitchi panjira."

"Mulungu anakuonapo uli m'thalauza, sanakomoke. Chotsa."

Anachotsa ambulera, ati mphepo ya kumtunda idzaisiya mafupa okhaokha. Anachotsa Baibulo lalikulu n'kundipatsa kachipangano ka m'thumba. Thaulo analitaya uko n'kuikamo chitenje, poti chitenje ndi thaulo, ndi pilo, ndi bandeji, ndipo chimauma msanga. Kenako anandionetsa chikwama chawo. Thumba logonamo pansi penipeni, zolemera pafupi ndi msana, sokosi zouma m'pulasitiki ya buledi, machesi m'kabotolo ka mankhwala. Pamwamba pa zonse jekete ya mvula ndi mapu, chifukwa ankati mvula ya kuno sichita odi. Masiwiti othandiza shuga akatsika anali m'kathumba ka pa lamba wa m'chiuno wa chikwamacho, pomwe dzanja lingafike munthu osaima. Ankati chikwama chimaberekedwa ngati mwana, kulemera kukhale pachiuno osati m'mapewa. Katundu wa tonse anatigawira: Chikondi tenti ndi chakudya, ine kapoto, kasitovu ka gasi ndi madzi.

Chikondi anabwera kuno ali wamng'ono. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, kupatula zikamufika pamtima. Ulendowo ankadana nawo poyera. Anayesa kunena za shuga, za mawondo, za kugona mu hotela, koma amayi ake anamufunsa kuti pa awiriwo nesi ndi ndani. Komabe anali mwana wamwambo, ndipo mwambowo anamuphunzitsa ndi iwo omwe. Achikulire mumpingo amakumbukira mmene anamukokera khutu pakhomo la tchalitchi ali pasukulu, chifukwa chongoyang'ana gogo wina akutsika basi ndi majumbo, osathamanga kukalandira. Kwathu wamkulu sanyamula katundu mwana ali pomwepo. Zimenezo sitiziganiza n'komwe, manja amangopita okha.

Tsiku lonyamuka tinajambulitsa pa siteshoni ya Ilkley. Chikondi anali atatula chikwama chake pansi, kunja kwa chithunzi, ataima manja m'thumba. Pambali pake amayi ake, chikwama chitawapitirira mutu, akumwetulira mano onse pamtunda. Iwo eni ake anatumiza chithunzicho ku gulu la pafoni la akubanja, monyadira.

Tsiku loyambalo linali labwino moti ndinayamba kuwamvetsa. Tinayenda m'mbali mwa mtsinje, kudutsa m'madambo, kutsegula ndi kutseka timageti ta alimi. Iwo ankayenda pambuyo, pang'onopang'ono koma osaima, akung'ung'udza nyimbo za m'buku. Madzulo tikumanga tenti, foni ya Chikondi inagwira netiweki, ndipo unalowa uthenga wa mawu wochokera ku Dedza, kwa malume ake, mlongo wawo wa Anachisale. Anautsegula mokweza, osadziwa zimene zili mkati.

"Chikondi, ndiwe ndikukuona pachithunzipa? Mlongo wanga wasenza katundu ngati bulu, iwe manja m'thumba? Anthu kuno akundifunsa ngati ku Ulaya kulibe ana. Watichititsa manyazi, mphwanga. Mayi ako anakubereka kumsana, lero abereke chikwama iwe uli pomwepo?"

Anachisale anangotsonya. "Asiye achimwene, phiri analikwera komaliza ali ndi tsitsi."

Koma Chikondi sanadye bwino. Pansi pa uthengawo azibale ena anali atawonjezera zawo. Ndipo ndisaname, inenso tsiku lonse zinkandiwawa. Tikakumana ndi azungu panjira ndinkaona ngati akutiyeza, ana amphamvu kutsogolo, nkhalamba ikuwefuka pambuyo. Manja ankandiyabwa kuti ndiwalandire. Nditayesa kugwira lamba wa chikwamacho, anandimenya padzanja.

Mawa lake njira inasiya mtsinje n'kuyamba kukwera. Kumeneko kulibe mtengo, ndi udzu, miyala ndi nkhosa basi. Kunali kadzuwa, tonse tinali m'malaya chabe. Chakumasana Anachisale anatula chikwama kuti akadzithandize kuseri kwa mpanda wa miyala. Chikondi anachiyang'ana, anandiyang'ana ine. Kenako anachinyamula n'kuchikoleka pachifuwa, chake chili kumsana.

"Asisi, muwauze kuti ndikawadikira kumudzi uko. Ndikakhala pano andilanda."

Anayankhula Chichewa. Ine ndinangoti, "Mwachita bwino, achimwene," ndipo ndinaonadi kuti wachita bwino. Anayenda mwa ndawala mpaka anazimiririka kuseri kwa chitunda.

Mayi atatulukira anayang'ana pamene anasiya chikwama. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa.

"Chili kuti?"

"Achimwene akulandirani, mayi."

"Andilandira." Anakweza maso chakumadzulo, kumene kunali kutayamba kuda. "Muimbire."

Netiweki panalibe. Tinakuwa, mphepo inatibwezera mawu athu.

Sipanapite nthawi chifunga chinatsika, mvula ikubwera cham'mbali, yozizira ngati yochokera m'filiji. Ndinawaveka jekete yanga, koma ine ndine wochepa thupi, sinatseke kutsogolo. Mapu ndi masiwiti zinali zitapita ndi chikwama. Njira tinaitaya, tinangotsata mpanda. Kenako anayamba kuyenda dzandidzandi, mawu akukokeka ngati woledzera, thukuta lili pamphumi pamene ine ndikunjenjemera. Pa ntchito yanga zizindikiro zimenezo ndimazidziwa: shuga watsika. Ndinapisa m'chikwama changa ndi manja ouma ndi chisanu. Kapoto, sitovu, madzi, chitenje. Mabisiketi anga ndinali nditadya m'mawa. Mayo ine! Ndinawakhazika pansi mmbali mwa mpanda, ndinawafunditsa thumba langa logonamo, n'kuyamba kukuwa ngati pamaliro.

Amene anatimva ndi agalu. Mlimi wina ankazungulira nkhosa zake pa njinga yamoto ya matayala anayi, bambo wachikulire wosalankhula zambiri. Anatulutsa fulasiki ya tiyi wotsekemera ndi chokoleti chophwanyika, tinawamwetsa pang'onopang'ono mpaka maso anabwerera. Mayi atayamba kuzindikira, mlimiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumajombo, n'kufunsa m'Chingerezi chake cha kumapiri, mosakalipa:

"Mayi, mwakwera kuno opanda jekete yanu? Opanda chakudya, muli ndi shuga?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze. Ananditsina pantchafu.

"Ndinaiwala," anatero. "Ndakalamba."

Mlimiyo anapukusa mutu, anati anthu a m'tauni mumaona ngati phiri ndi paki. Anawakweza kumbuyo kwa njinga, pakati pa galu ndi thumba la chakudya cha nkhosa, ine ndikuthamanga pambuyo. Nkhope yawo tsiku limenelo sindidzaiiwala. Mayi amene manesi achichepere ankaimirira akalowa m'wodi anazolika ngati mwana wogwidwa akuba ndiwo mumphika.

Chikondi tinakumana naye chakumunsi, akukwera mothamanga, zikwama zonse ziwiri zikadali pathupi, atanyoweratu, akulira. Mvula itayamba anakumbukira zimene zinali pamwamba m'chikwama cha amayi ake, anabwerera, koma m'chifungamo tinaphonyana. Anagwada m'matope.

"Mami, pepani. Mami."

"Dzuka, azungu akuona."

Ulendo unathera pomwepo. Tinagona kumudziko, m'mawa tinakwera basi, chikwama chawo chili pamiyendo pawo, osalola aliyense kuchikhudza. Basi itanyamuka anatitembenukira.

"Ndinaiwala jekete. Mwamva nonse? Iwe Chikondi, ukakatsegula pakamwa usadzapondenso pakhomo panga."

Nkhani inafala mumpingo, anthu akuti, "Si tinanena ife?" Tsiku lina tikusenda mbatata ndinalephera kupirira.

"Mayi, bwanji osangonena zoona?"

"Zoona zake ziti? Kuti mwana wanga anatsala pang'ono kundipha? Aziyenda nazo bwanji zimenezo pakati pa anthu? Nanga malume ake, adzagonanso tulo?" Anatenga mbatata ina. "Anachita zimene ndinamuphunzitsa ndekha. Khutu lija ndinakoka ndine. Senda mbatata."

Koma bodzalo linawadya. Anthu anati woiwala jekete lero, mawa aiwala poto pamoto. Ku gulu lawo loyenda, amene anamva kuchokera kwa ine ndemwe zimene ndinalamulidwa kunena, mtsogoleri anayamba kuwafunsa mwaulemu pa siteshoni ngati atenga jekete, ngati atenga masiwiti, tsiku lina mpaka kupempha kuona m'chikwama. Anatsegula, anamuonetsa, anayenda nawo tsiku limenelo, ndipo sanapitenso. Kumpingo zinali zoposa. Akanyamula mphika wa mpunga, wina walanda. Akagwira tsache, "Khalani pansi, mayi." Makiyi a holo, amene anasunga kuyambira mpingo uli wa mabanja ochepa, a Tembo anawapempha mokoma kuti apereke kwa wina, iwo apumule. Anangopereka, iwo amene kale akanagwedeza denga. Tonse tinkawalandira, tsiku ndi tsiku, mwaulemu, mpaka manja awo anatsala opanda kanthu. Ine ndinkaona, ndikudziwa, pakamwa nditatseka, ndipo zimandichititsa manyazi koopsa.

Za ulendo uja ankangoti chilimwe chikubwerachi tikaumaliza. Chilimwe chitafika mawondo anali atakana. Chotsatira chake mtima unawagoneka m'chipatala, ndipo sanatulukemo. Tinakawaika ku Dedza. Pamanda malume a Chikondi anamugwira paphewa pamaso pa anthu, n'kumuyamika kuti anamva uphungu, anasamala amayi ake.

Dzulo ndinapita kukamuthandiza kutulutsa katundu wotsala, poti nyumba yagulitsidwa. Chikwama kulibe. Mkazi wa Chikondi anachipereka ku sitolo ya zovala zakale ife tili kumaliro, ndi majombo omwe. Pabalaza pangotsala madindo a miyendo ya mipando pa kapeti.

M'kanjira kopapatiza kolowera m'nyumba, kuseri kwa chitseko, muli kathabwa kokhomedwa kukhoma. Ndakhala ndikukadutsa osakafunsa. N'kotsika moti sungakolekepo chovala, n'kokwera moti sungakhalepo. Chikondi anandiuza kuti amayi ake anakakhoma okha titangobwera ku ulendo uja. Mapewa anali atayamba kuwavuta kuponya chikwama kumsana, ndipo sankafuna kuitana munthu. Ankachiika pamenepo, n'kutembenuka, kulowetsa manja m'malamba, n'kuchoka nacho okha.

Ogula nyumba apempha kuti kachotsedwe, akuti kamagunda anthu polowa. Chikondi anabwera ndi hamala, anaima pamenepo nthawi yaitali, kenako anati abweranso tsiku lina. Penti ya pamwamba pake yada, yapekeseka, pomwe chikwama chinkatsamira. Kathabwako kakadali pomwepo, kopanda kanthu, pa msinkhu wa chiuno chawo.